Thewela Locapa Kapena Daipa Yotaya: Tiyeni Tiwelengele Mtengo Wake

Mvula ikagwa usiku wonse mu Lusaka, m'mawa mwake ngalande zimaulula zonse zimene takhala tikutaya. Amene anayendapo ku Kanyama, ku Chawama kapena ku Misisi m'mwezi wa January akudziwa zimene tikukamba. Pakati pa mabotolo ndi mapulasitiki pamaoneka tumitolo toyela totupa ndi madzi, tutaunjikana pansi pa tumilatho. Amenewo ndi madaipa a ana athu. Zaka 30 zapitazo simukanawapeza m'ngalande za mu komboni, cifukwa khomo lililonse lokhala ndi khanda linali kudziwika ndi matewela oyela oyanikidwa pa cingwe.

Nkhaniyi inatifika pafupi pamene tinakaceza pa mpingo wina wa mu komboni. Akulu a mpingo anali kudandaula kuti cimbudzi cimene anakumbitsa ndi ndalama zambili cadzala nthawi yake isanakwane. Anyamata otapa m'zimbudzi atabwela, anapeza madaipa osawelengeka m'dzenjemo, ndipo anakweza mtengo wa nchito cifukwa anafunika kuwavuula ndi zokowela. Palibe mayi amene anaponyamo daipa ndi mtima woipa. Aliyense anali kufuna kusiya pa chalichi pali paukhondo. Koma daipa siwola, ndipo ndalama yotapitsila dzenjelo inacokela m'matumba a amayi omwewo ndi amuna awo.

Sitikulemba kuti tidzudzule amayi amene amagula madaipa. Tikudziwa mmene amathandizila pa ulendo wa basi, ku cipatala, pa malilo, ndiponso kwa mayi amene amacoka panyumba mbandakuca kupita ku nchito. Cimene tikupempha n'cakuti tikhale pansi ndi pensulo. Daipa imaoneka yochipa cifukwa timaigula imodzi imodzi, koma timailipila kawili: poigula pa kantemba, ndiponso ikafika m'ngalande kapena m'dzenje. Thewela nalo lili ndi mtengo wake, ndipo sitiubisa.

Kodi mu daipa muli ciani?

Madaipa otaya anayamba kufala ku America. Kampani ya Procter & Gamble inayamba kugulitsa Pampers mu 1961, ndipo dzinali linachuka moti kuno ambili amati "pampasi" pochula daipa ya kampani iliyonse. Mukaigwila imamveka ngati thonje kapena pepala, koma mbali yake yaikulu ndi pulasitiki. Kunja kuli pulasitiki ya polyethylene yoletsa kudontha. Kansalu kamene kamakhudza khungu la mwana ndi pulasitiki ina yochedwa polypropylene. Pakati pali ulusi wofewa wocokela ku mitengo, wosakanizidwa ndi tumibulu toyela tonga mcele tochedwa sodium polyacrylate, tumene tunayamba kuikidwa m'madaipa m'zaka za m'ma 1980.

Tumibulu tumenetu ndito cinsinsi ca daipa. Tukakumana ndi mkodzo tumaumwa n'kusanduka phala lolimba, ndipo tungasunge madzi olemela kuposa tumibuluto nthawi makumi angapo. N'cifukwa cake mwana amamva kuuma ngakhale wakodza kawili. Koma ndi cifukwa comweco cimene daipa yotayidwa m'ngalande imatupila mpaka kutseka njila ya madzi, ndiponso cimene imakanila kupsa mukaiponya pa moto.

Thewela lathu lakale ndi nsalu ya thonje, kawili kawili ya thaulo, yofanana mbali zonse, pafupifupi masentimita 60 m'litali ndi 60 m'lifupi. Limapindidwa, limamangidwa ndi pini, ndipo pamwamba pake pamavekedwa kabudula wa pulasitiki. Masiku ano kulinso matewela osokedwa kale monga kabudula, okhala ndi mabatani okulitsila mwana akamakula, ndi thumba loikamo nsalu yomwa mkodzo. Amenewa ndi okwelako mtengo, koma kuwaveka n'kosavuta ngati daipa. Mitundu yonse iwili mfundo yake ndi imodzi: mumagula kamodzi, n'kugwilitsila nchito maulendo mazana ambili.

Masamu a m'thumba

Khanda longobadwa kumene lingafunike kusinthidwa ka 8 kapena ka 10 pa tsiku, pamene mwana wa caka cimodzi amasinthidwa mocepelako. Kuti masamu akhale osavuta, titenge madaipa 5 pa tsiku. Pa caka amakwana 1,825, ndipo pa zaka ziwili amakwana 3,650. Mitengo imasiyana malinga ndi sitolo ndi mtundu, conco manambala a ndalama amene tilembe pano ndi citsanzo cabe. Inu muikepo mitengo ya pa kantemba kanu.

Tinene kuti daipa imodzi ili pa K5. Pa tsiku ndi K25, ndalama imene siwawa kwenikweni poitulutsa. Pa mwezi ndi K750. Pa caka ndi K9,125, ndipo pa zaka ziwili ndi K18,250. Tengani K750 imeneyo muiyelekezele ndi mtengo wa thumba la unga la makilogalamu 25, kapena ndi lendi ya cipinda cimodzi m'dela lanu. Mudzaona kuti khanda likudya ndalama yoculuka, ngakhale kuti likali kuyamwa cabe.

Tsopano tiwelengele matewela. Banja locapa tsiku lililonse kapena podumpha tsiku limodzi lingakwanilitse ndi matewela 24. Tinene kuti lililonse lili pa K35, onse pamodzi K840. Makabudula a pulasitiki 6 pa K25 ndi K150. Ndowa ziwili zokhala ndi zivundikilo pa K90 ndi K180, ndipo mapini K30. Ndalama yoyambila yakwana K1,200. Pamenepo tiwonjezepo za mwezi ndi mwezi: sopo K80, madzi K60, malasha otenthetsela madzi ndi kuchisila K60, zonse K200 pa mwezi, kutanthauza K4,800 pa zaka ziwili. Tiikenso K400 yogulila makabudula aakulu mwana akamakula. Zonse pamodzi ndi K6,400.

Kusiyana kwake ndi K11,850 pa mwana mmodzi. M'citsanzo cathuci banja limapulumutsa K550 mwezi uliwonse, moti ndalama yoyambila ija imabwelela miyezi itatu isanathe. Ndipo matewela osamalidwa bwino satha ndi mwana mmodzi. Mng'ono wake akabadwa, K840 ija simuitulutsanso. Akatha nchito yeniyeni amasanduka zokolopela ndi zopukutila. Ngakhale mitengo ya kwanu itasiyana ndi yathu, cithunzi cake sicisintha kwambili, cifukwa mbali imodzi mukugula zinthu 3,650 ndipo mbali ina mukugula 24.

Palinso cina cimene masamuwa saonetsa. Wopeza bwino amagula paketi yaikulu m'sitolo, ndipo daipa imodzi imamutsikila mtengo. Wosauka amagula imodzi imodzi pa mtengo wokwela, ndipo ndalama ikasowa amasiya mwana m'daipa imodzi kuyambila m'mawa mpaka madzulo. Conco amene ali ndi zocepa ndiye amalipila zambili, ndipo khungu la mwana wake ndilo limavutika.

Kumene daipa imapita ikacoka pa mwana

Daipa yonyowa ndi yolemela. Tikaiika pa magalamu 200, madaipa 3,650 aja amalemela makilogalamu 730, cimodzimodzi ndi matumba 29 a unga a makilogalamu 25. Umenewo ndi mulu wa mwana mmodzi. Kalembela wa 2022 anapeza kuti m'Zambia tili anthu opitilila 19.6 miliyoni, ndipo caka ciliconse kumabadwa ana opitilila 600,000. Ngakhale titati ana 100,000 okha ndiwo amavala madaipa tsiku lililonse, dziko likutaya madaipa 500,000 dzuwa lililonse likalowa. Kodi onsewa amapita kuti?

Ena amatengedwa ndi magalimoto a zinyalala. Mu Lusaka amakathela ku Chunga, kumene amangounjikidwa, cifukwa daipa yakuda siingabwezeletsedwe mosavuta monga botolo kapena katoni. Pulasitiki, ulusi, tumibulu ndi cimbudzi ca mwana zonse zimakhala zitamatana. Pulasitiki yake siwola ngati citsononkho ca cimanga. Imangosweka pang'ono pang'ono kukhala tuzidutswa tumene tumatsala m'nthaka ndi m'madzi. Komanso mabanja ambili salipila otola zinyalala, ndipo kumidzi magalimotowo safikako n'komwe.

Ena amaponyedwa m'zimbudzi zokumba. Anthu ambili a m'makomboni a mu Lusaka amadalila zimbudzi zotele. Zonyansa za munthu zimawola ndi kuphwela m'dzenje, koma daipa imatupa n'kukhala pomwepo. Dzenje limadzala msanga, mapaipi a makina opopela amatsekeka, ndipo otapa amakakamizika kugwila nchito yoopsa ndi manja. Pa nyumba ya lendi pamene mabanja angapo amagwilitsila nchito cimbudzi cimodzi, nkhani ya madaipa yayambanitsapo anthu ambili ndi alandilodi awo.

Ena amatenthedwa. Koma popeza ndi onyowa, sapsa bwino. Amangofuka utsi wa pulasitiki umene umalowa m'nyumba mmene muli khanda lomwelo, ndipo zotsala zake agalu amazifukula. Otsala amaponyedwa usiku m'ngalande, kuseli kwa mipanda, kapena m'tumitsinje. Agalu amawang'amba, nkhuku zimapalasa, nchenche zimatelapo n'kukatelanso pa nsima.

Apa m'pamene nkhani ya zinyalala imasanduka nkhani ya umoyo. Ambili a ife tinakula tikumva kuti cimbudzi ca khanda cilibe vuto. Zoona zake n'zakuti cingakhale ndi tuzilombo tambili toyambitsa matenda otsegula m'mimba, ndipo a zaumoyo amalangiza kuti ciziikidwa m'cimbudzi monga ca munthu wamkulu. Amene amacapa thewela amacita zimenezi mwacibadwa, cifukwa sangacape asanataye zonyansazo. Koma daipa imakulungidwa ndi zonse zili m'kati n'kutayidwa. Madela monga Kanyama ali pa miyala ya laimu yokhala ndi ming'alu, ndipo madzi a pansi ali pafupi kwambili. Ngalande ikatsekeka, madzi osefukila amatenga zonyansa n'kuzilowetsa m'zitsime zosaya.

Sitinaiwale kolela imene inayamba mu October 2023. Anthu opitilila 20,000 anadwala, opitilila 700 anamwalila, bwalo la Heroes Stadium linasanduka cipatala, ndipo masukulu sanatsegulidwe mpaka mu February 2024. Sitikunena kuti madaipa ndiwo anabweletsa kolela. Magwelo ake ndi kusowa kwa madzi abwino ndi zimbudzi zoyenela. Koma ciliconse cimene cimatseka ngalande ndi kusiya zonyansa za munthu poyela cimathandiza matendawa kuyenda. Mu 2018 dziko linakhazikitsa lamulo loyang'anila zinyalala, la Solid Waste Regulation and Management Act, ndipo caka comweco linaletsa tumapulasitiki tonyamulila topyapyala kuposa mamaikiloni 30. Malamulo ndi abwino, koma cinyalala cosavuta kusamala ndi cija cimene sicinapangidwe n'komwe.

Kodi kucapa sikuwononganso?

Funso limeneli n'loyenela, ndipo akatswili analifufuza. Mu 2008 bungwe la Environment Agency ku Britain linayelekezela mpweya wotenthetsa dziko umene umatuluka cifukwa ca mwana mmodzi pa zaka ziwili ndi theka. Linapeza kuti madaipa otaya amatulutsa makilogalamu pafupifupi 550, pamene matewela amatulutsa 570. Ena anangomva pamenepo n'kunena kuti palibe kusiyana. Koma cimene cinakweza nambala ya matewela cinali magetsi a makina ocapila ndi oumitsila zovala amene mabanja a kumeneko amagwilitsila nchito. Lipoti lomwelo linaonetsa kuti kuyanika panja, kudzaza makina pocapa, ndi kuvekanso mwana waciwili kungacepetse nambalayo ndi 40 pelesenti. Kafukufuku watsopano wa boma la Britain wa mu 2023 anapeza kuti matewela amatulutsa mpweyawo wocepa ndi 25 pelesenti, ngakhale kuti amafuna madzi ambili panyumba.

Phunzilo lake kwa ife ndi lakuti ubwino wa thewela umadalila kacapidwe. Kuno makina oumitsila sitiwafuna, dzuwa tili nalo laulele miyezi yambili pa caka. Pamene tiyenela kusamala ndi pa malasha ndi madzi. Kuwilitsa matewela tsiku lililonse pa mbaula yakeyake kumatha ndalama ndi mitengo. Ndi bwino kutenthetsa madzi pa moto wotsala mukamaliza kuphika nsima, ndi kucapa matewela ambili nthawi imodzi.

Nanga khungu la mwana?

Tikambe mosabisa: daipa imasunga khungu louma kwa nthawi yaitali kuposa thewela. Mwana wovala thewela afunika kusinthidwa maola awili kapena atatu alionse, ndiponso nthawi yomweyo akacita cimbudzi. Kufiila ndi kusupuka kwa matako kumabwela pamene khungu lakhala nthawi yaitali m'cinyezi, mkodzo ndi cimbudzi zitasakanikilana. Zimenezi zingacitike m'thewela ndi m'daipa momwe. Mankhwala ake ndi amodzi: kusintha msanga, kutsuka ndi madzi oyela, kupukuta mofatsa, kupaka Vaseline pang'ono, ndi kusiya mwana pa citenje wosavala kanthu kwa kanthawi kuti apitidwe mphepo. Ngati kufiilako kwalowa m'mapindilo a khungu, kwapitilila masiku atatu, kwacita zilonda, kapena mwana watentha thupi, pitani naye ku kiliniki.

Thewela lili ndi ubwino wina umene anamwino amaudziwa. Khanda loyamwa bwino, likapitilila masiku asanu, liyenela kunyowetsa matewela 6 kapena kuposapo pa tsiku. Ndi thewela mayi amaona yekha mkodzo uliwonse. Daipa imabisa, moti n'kovuta kudziwa ngati mwana wakodza kamodzi kapena katatu. Mwana akamatsegula m'mimba, kucepa kwa mkodzo ndi cizindikilo cakuti madzi akutha m'thupi, ndipo kucizindikila msanga kungapulumutse moyo.

Kacapidwe koyenela

Thewela locapidwa mosasamala lingabweletse matenda amene tikufuna kupewa. Agogo athu ambili akudziwa njila yake, koma tiikumbutsane.

1. Kutumulani cimbudzi ca mwana m'toileti kapena m'cimbudzi cokumba, osati kuseli kwa nyumba. Kansalu kopyapyala koyala m'kati mwa thewela kamapeputsa nchitoyi.

2. Tsukuluzani thewela ndi madzi ozizila m'ndowa yake yokha, imene siigwila nchito ina iliyonse. Madzi akudawo muwathile m'cimbudzi.

3. Sungani matewela otsukuluza m'ndowa yovundikila, ndipo asapitilile masiku awili asanacapidwe. Ndowa ya madzi muiike pamene mwana wokwawa sangafike, cifukwa mwana angamile ngakhale m'madzi ocepa.

4. Capani ndi sopo ndi madzi otentha, kenaka tsukuluzani mpaka thovu litatha. Sopo wotsalila ndiye amaumitsa nsalu ndi kuyabwa mwana. Mankhwala ofewetsa zovala asiyeni, cifukwa amalepheletsa thewela kumwa mkodzo.

5. Mwana akatsegula m'mimba, wilitsani matewela kapena muwaviike m'madzi othila Jik motsatila malangizo a pa botolo, kenaka muwatsukuluze kwambili. Jik musamusakanize ndi mankhwala ena.

6. Yanikani pa cingwe padzuwa, osati pa udzu, pa mpanda wa maluwa kapena pansi. Dzuwa limaumitsa, limayeletsa madontho, ndipo limathandiza kupha tuzilombo.

7. Musacapile pa citsime, pa mjigo kapena mu mtsinje. Tungani madzi mukacapile patali. Mukamaliza, sambani m'manja ndi sopo musanagwile cakudya kapena kuyamwitsa.

Pali cinthu cimodzi cimene sitiyenela kuciiwala m'nyengo ya mvula: nchenche ya mphutsi. Nchenche imeneyi imaikila mazila pa dothi kapena pa zovala zonyowa zimene zili pamthunzi, makamaka zokhala ndi fungo la mkodzo. Mazilawo akaswa, kamphutsi kamaboola khungu n'kukulila m'kati, ndipo pamatuluka cotupa conga cithupsa cokhala ndi kabowo pakati. Kuchisa thewela mbali zonse ziwili, makamaka m'mipendelo, kumapha mazilawo. Magetsi akathima, nsimbi ya malasha imagwila nchito yomweyo.

Zovuta zimene sitingazinyalanyaze

Vuto loyamba ndi nchito. K550 ija imene banja limapulumutsa siicokela kumwamba, imacokela m'manja mwa munthu amene akucapa. M'nyumba zambili munthuyo ndi mayi amene wangobeleka kumene, kapena kamtsikana kamene kanayenela kukhala kakuwelenga. Ngati ife abambo tikondwela ndi ndalama yopulumutsidwa koma ndowa sitiigwila, ndiye kuti tangosamutsa mtengo kucoka m'thumba lathu kupita pa msana wa amayi. Mutu umodzi susenza denga. Bambo angatunge madzi, angayanike, angachise madzulo, ndipo angacape. Banja likambilane nkhaniyi mwana asanabadwe, ndipo ligwilizanenso kumene ndalama yopulumutsidwayo izipita.

Vuto laciwili ndi madzi. Kucapa matewela pa manja kungafune zigubu ziwili za malita 20 pa tsiku. Amene ali ndi mpope pakhomo sangacione cacikulu, koma amene amaima pa mzele ku kiyosiki kapena kuyenda mtunda kupita ku mjigo amadziwa kulemela kwake. M'cilala ca 2024, cimene boma linacilengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse mu February caka cimeneco, magetsi anali kuthima maola ambili ndipo mipope yambili inauma. Pa nthawi yotele madzi akumwa, ophikila ndi osamba m'manja ndiwo oyamba. Banja limene lagula madaipa cifukwa madzi asowa silinalakwe.

Vuto lacitatu ndi ndalama yoyambila. K25 ya lelo imapezeka, koma K1,200 ya nthawi imodzi imavuta. Apa pali njila zingapo. Mayi woyembekezela angagule matewela atatu kapena anayi mwezi uliwonse, ndipo pofika tsiku lake amakhala atakwana. Ena angatenge ndalamayo pa cilimba kapena ku gulu losunga ndalama. Mathaulo ndi nsalu za fulanelo za pa salaula, zikacapidwa bwino ndi madzi otentha, zingadulidwe ndi kupendeledwa kukhala matewela abwino pa mtengo wocepa. Sankhani za thonje, cifukwa nsalu za nailoni sizimwa madzi. Matewela a mwana wa mkulu wanu kapena wa mnansi, akawilitsidwa ndi kuyanikidwa padzuwa, palibe colakwika kuwalandila.

Vuto lacinayi ndi manyazi. Tamvapo amayi acitsikana akunena kuti thewela ndi la kumudzi, ndipo amaopa kusekedwa ku sikelo. N'zocititsa cidwi kuti ku Britain, kumene madaipa anafala kale kwambili, makhonsolo ena amapatsa makolo thandizo la ndalama kuti agule matewela ocapa, cifukwa kutaya madaipa kumawadyela ndalama zambili. Cimene ife tikucicitila manyazi, anzathu akucibwelela.

Poyambila

Palibe lamulo lakuti banja lisankhe mbali imodzi. Mabanja ambili angapeze kuti njila yowayenela ndi kusakaniza: matewela masana panyumba, daipa usiku, pa ulendo, kapena mwana akasiyidwa ku sukulu ya mkaka. Mukasintha madaipa atatu mwa asanu a pa tsiku, pa zaka ziwili mwacotsa madaipa 2,190 pa mulu uja. Ndipo daipa imene mwagwilitsila nchito, kutumulani zonyansa zake m'cimbudzi, muikulunge, muimange m'pulasitiki, n'kuipeleka kwa otola zinyalala. Kumene kulibe otola, ikwilileni m'dzenje lakuya kutali ndi citsime. M'cimbudzi ndi m'ngalande musaponyemo.

Mipingo yathu ingathandize pa zinthu zing'onozing'ono. Tikamapita kukaona mwana, m'malo mwa paketi ya madaipa imene ithe sabata imodzi, anthu anayi angasonkhe n'kugula matewela 12, ndowa ndi sopo. Magulu a amayi amene ali ndi makina osokela angasoke matewela ndi kuwagulitsa pa mtengo wofikilika, ndalama n'kutsala m'dela lomwelo. Amayi acikulile angaphunzitse acitsikana kapindidwe ndi kamangidwe ka pini, cifukwa luso limeneli likutayika. Ndipo pafupi ndi cimbudzi ca pa chalichi payenela kukhala bini yovundikila ndi madzi osamba m'manja, kuti mayi wosintha mwana asasowe potaya.

Kwa inu amene muli ndi khanda panyumba, pempho lathu ndi losavuta. Sabata ino lembani pa kapepala daipa iliyonse imene mwagula ndi mtengo wake. Kenaka pezani matewela 6 kapena 10, muyese masana okha kwa mwezi umodzi, ndipo ndalama imene simunapeleke ku kantemba muziiponya m'kacitini. Mwezi ukatha, tsegulani kacitiniko pamodzi monga banja, muyang'anenso bini yanu ndi khungu la mwana wanu, ndipo musankhe nokha cocita.